Mukuwerenga buku lanji masiku ano? Ine Nthondo wandisowetsa tulo

Nachisale wa ku Kawale:

Abale anga muli bwanji nonse, ndabwera ndi funso koma mundilole ndiyambe ndi kankhani kaye chifukwa funsolo lachokera pamenepo. Bambo anga anatisiya mu July, ndiye titamaliza zonse za maliro kumudzi kwathu cha ku Nkhoma amayi anati ana inu tsegulani bokosi la abambo anulo aliyense atengemo chokumbukira. Ndi bokosi lachitsulo lakalekale lija, loko wake anachita dzimbiri moti achimwene anachita kuswa ndi hamala. Mkatimo munali jekete, makadi a chipani a nthawi ya Kamuzu, Buku Lopatulika, buku la nyimbo, ndi kabuku kena kothothoka chikuto kokutidwa ndi pepala la thumba la simenti. Nditatsegula ndinapeza kuti ndi Nthondo, la a Samuel Josia Ntara. Ena anatenga jekete ena Baibulo, ine ndinangotenga kabukuko nkuika mchikwama osaganizako zambiri.

Nthondo ndinaliwerengapo ku sekondale koma kunena zoona kuja sikunali kuwerenga kunali kuloweza, tinkangofuna kuti mayeso akafunsa kuti tchulani makhalidwe atatu a Nthondo tilembe kuti wakuba, wamwano, wosamva za akulu, basi tipite funso lina. Pano ndikuliwerenga mu minibasi mmawa popita kuntchito, makamaka pa mdipiti wa magalimoto uja wa pa mlatho wa Lilongwe, ndipo usiku magetsi akazima ndimayatsa tochi ya foni nkupitiriza mpaka batire kutha. Kalembedwe kake ndi kakale, chifukwa analemba kuti cifukwa, chimanga ndi cimanga, mawu ndi mau, poyamba maso amakodwa koma ukadutsa masamba asanu umayiwala.

Chandigwira mtima nchoti mudzi umene a Ntara akufotokoza ndi mudzi wathu weniweni, mmene akuluakulu amaponyerana mawu pabwalo, mmene maliro amayendera, mmene anthu amaopera malodza, ndikamawerenga ndikumamva mawu a agogo anga aakazi mkhutu. Ndiye Nthondo mwiniwake, mwana uja wovutayu, kale ndinkamuona ngati munthu woipa basi, pano ndikumuona ngati mwana amene bambo ake anamusiya msanga ndipo mudzi wonse unangomutcha dzina la wakuba iye nkulivala. Ndili ndi mnyamata wa zaka 13 amene wayamba kundibwerera usiku, kundiyankha mokweza, ndiye masamba ena ndimachita kutseka buku nkukhala phee.

Koma vuto langa lili kumapeto. Munthu wavuta moyo wake wonse, wayenda kutali kukafuna ntchito, wabwerera, walowa ufumu, kenaka walowa chikhristu ndipo zonse zangoti myaa kukhala bwino. Ine ndine wa CCAP kuyambira kubadwa, ndimayimba kwaya, musandimve molakwa, koma mathero amenewa akundimvekera ngati a Ntara ankalemba uku mzungu wa mishoni ataima kumbuyo kwawo akusuzumira pa pepala. Kodi ndine ndekha amene ndikumva choncho? Ndipo inuyo mukuwerenga chiyani panopa, lachichewa kapena lachingerezi zilibe kanthu, bola mutiuze chimene chakukhudzani osati kungotchula dzina la buku.

Mjomba wa ku 25:

Achemwali pepani ndi zovutazo, Mulungu akutonthozeni. Za Nthondo ndisanamepo ine sindinalimalize ngakhale kusukulu ndiye ndiwasiyira akuluakulu. Ine pano ndili pa The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba lija analemba ndi Bryan Mealer, linatuluka 2009. Kasitomala wina amene ndinakamuikira sola ku Area 47 ndi amene anandibwereka ataona kuti ndikuyang'anitsitsa pa shelefu, anati tenga ukawerenge ndiwe wa zamagetsi uzikamva bwino.

Ndinkayesa kuti ndi buku la makina amphepo basi monga mu filimu yake ija ya 2019, koma ayi ndithu, theka la bukuli ndi njala ya 2001 mpaka 2002 ndipo njala imeneyo ine ndinaiona ndi maso anga ndili ndi zaka 10 kwathu cha ku Mponela, komwe sikutali kwenikweni ndi kwawo kwa iyeyo ku Wimbe ku Kasungu. Akamanena za kudya kamodzi patsiku madzulo okha kuti mwina tulo tibwere, akamanena za gaga amene kale tinkapatsa nkhuku ndi nkhumba kukhala chakudya cha anthu chochita kulimbirana pa msika, anthu kuyenda midzi ndi midzi kufuna ganyu wongolipidwa kambale ka ufa, eeh ine ndinasiya kaye kuwerenga masiku atatu. Kwathu tinafika pokumba zitsa za nthochi nkusinja, amayi anagulitsa mbale ndi mapoto mpaka chitseko cha nyumba, ndipo February yense uja chimanga chili chiwisi mmunda anthu ankagona konko ndi zikwanje kulondera. Pa mutu uja wa galu wake Khamba, pomwe anakamumangirira pa mtengo kutchire chifukwa panalibenso chomupatsa, ndinalira ine munthu wamkulu ndili mu shopu, mnzanga anachita kundifunsa ngati kwagwa zovuta kumudzi. Nafenso tinali ndi galu chaka chimenecho ndipo mpaka lero kwathu palibe amene amatchula za iye.

Zamagetsizo ndiye zandisangalatsa mwa njira ina chifukwa ndi ntchito yanga. Mnyamata wachotsedwa sukulu chifukwa cha fizi, akupita ku kalayibulale ka pa pulayimale, akupeza buku la Using Energy loti chingerezi chake sakuchimva bwino koma akutsata zithunzi, kenaka dayinamo ya njinga, fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki kuwawotcha nkuwaphwatalalitsa kuti akhale mapiko, milongoti ya bulugama, mpaka babu kuyaka. Amene sanagwirepo waya sangadziwe kuti kupanga switchi ndi chodulira moto wekha kuchokera ku misomali ndi zinyalala ndi nzeru zoopsa. Ndipo anthu ammudzi ankati wapenga, wayamba kusuta chamba, ena mpaka kumati ndi ufiti ukuthamangitsa mitambo ya mvula. Zimenezo ndi ife ndendende.

Chondiwawa chimodzi chokha, buku lonena za njala yathu, galu wathu, nsima yathu, ndikuliwerenga mchingerezi ndi dikishonale ya pa foni pambali, pomwe amayi anga amene anagulitsa chitseko aja sangaliwerenge. Ndimachita kuwamasulira pa foni Lamlungu madzulo, iwo nkumati eya zinalidi choncho, afunse kwa ife.

Aphunzitsi opuma, Likuni:

Nachisale mwana wanga, pepa ndi imfa ya bambo ako. Ndaona funso lako mdzukulu wanga atandionetsa ndiye ndati ndiyankhe ngakhale zala zanga zimachedwa pa foni. Ndaphunzitsa Chichewa zaka zoposa makumi atatu ndipo Nthondo ndamuphunzitsa kangapo, ndiye ukamanena kuti munkangoloweza makhalidwe atatu mtima wanga ukuwawa chifukwa olowezetsawo tinali ife. Silabasi inkathamanga, kalasi ya ana 80 mabuku asanu ndi limodzi, ndiye tinkalemba manotsi pa bolodi ana nkukopera, ambiri anakhoza mayeso bukulo asanaligwire nkomwe mmanja. Tinakulandani kanthu ana inu, ndipo ndakondwa kuti iwe wakapeza wekha mbokosi la bambo ako. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera.

Tsono za mathero. Sukulakwa kumva mzungu kumbuyo kwa wolemba, analipodi. A Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, mishoni ya Adatchi ochokera ku South Africa amene anayamba ku Mvera mu 1889 nkudzatsegula Nkhoma mu 1896. Bukuli linatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa bungwe la ku London loona za zinenero ndi zikhalidwe za mu Africa, ndipo chaka chotsatira, 1934, m'busa wa ku Livingstonia a Cullen Young analimasulira mchingerezi nkulitcha Man of Africa. Nthawi imeneyo makina osindikizira mabuku anali a mishoni, owerenga anali ana a sukulu za mishoni, pepala lenilenilo linali la mishoni. Munthu sukanalemba buku loti mfumu yakana mpingo mpaka kufa nkuyembekeza kuti alisindikiza.

Koma apa ndi pamene ndikusiyana nawe pang'ono. Usaganize kuti a Ntara analemba zimene sankakhulupirira. Iwo anali mkhristu ndi mtima wonse, ndipo mafumu otembenuka mtima anawaona ndi maso, si nthano ayi. Anadzalembanso buku lina la Msyamboza, mfumu yeniyeni ya ku Chibanzi ku Dowa imene inalandira chikhristu. Kwa munthu wa mbadwo umenewo kulowa kalasi ya ubatizo kunali chinthu chachikulu chogwedeza mudzi wonse, kusiya mitala, kusiya mowa, kusiya kudambwe, abale ako kukusala. Ife tinabadwira mu mpingo ndiye timaona ngati nchinthu wamba. Ndiponso taona chimene anachita mwanzeru, mbali yaikulu ya bukuli anaipereka kwa mudzi wa makolo, anaulemba mwachikondi ndi mwatsatanetsatane moti lero tikufuna kudziwa mmene Achewa ankakhalira timatsegula momwemo. Munthu wonyoza miyambo ya kwawo sangaisunge mosamala chotero, ndipo ndi yemweyo anatilembera Mbiri ya Achewa. Ine ndimati anapereka kwa amishoni mathero, koma thunthu la nkhani anasungira ife.

Za kalembedwe ka c mmalo mwa ch, sunga bwino kope limenelo ndi chuma. Chinenerochi chinkatchedwa Chinyanja mpaka 1968 pamene chinasinthidwa dzina nkukhala Chichewa, chinenero cha fuko, kenaka mu 1972 kunabwera Chichewa Board imene inakonza malamulo a kalembedwe amene munaphunzira inu. Anzathu a ku Zambia c uja akadali naye.

Ineyo pano ndikuwerenga And Crocodiles Are Hungry at Night la a Jack Mapanje, la 2011, mwana wanga ananditumizira. Ndikuyenda nalo pang'onopang'ono ngati nkhalamba pa mlatho wa mtengo umodzi, masamba khumi patsiku, chifukwa nthawi imeneyo ndinalipo. A Mapanjewo anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anawagwira ku Zomba mu September 1987, nkukawatsekera ku ndende ya Mikuyu mpaka May 1991, zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri popanda mlandu, popanda khoti, ndipo buku lawo la ndakatulo Of Chameleons and Gods la 1981 linali litachotsedwa kale mmasukulu ndi mmasitolo. Ife aphunzitsi tinamva monong'onezana, mu stafu rumu palibe anatchula dzina lawo, ine kope langa ndinalikulunga mu pulasitiki nkulikwirira kuseri kwa khola la nkhuku, pomadzalifukula chiswe chinali chitalowamo kale. A Sam Mpasu nawonso anakalowa ku Mikuyu komweko mu 1975 chifukwa cha kabuku ka Nobody's Friend. Ndiye ukamanena za munthu woima kumbuyo kwa wolemba, mwana wanga, dziwa kuti sanachoke ndi amishoni, anangosintha malaya, mu 1968 momwemo kunakhazikitsidwa lamulo la Censorship Board ndipo aliyense wolemba ankayamba waganiza kuti kodi mawu awa akawamva bwanji kumtunda. Nchifukwa chake alakatuli athu anaphunzira kuyankhula ngati nanzikambe, kusintha mtundu kuti adutse. Ukamawerenga buku lililonse la Mmalawi lakale uzifunsa kuti ankaopa ndani, kenaka uziyang'ana chimene anakwanitsa kuzembetsa.

Naphiri wa ku Chinsapo:

Bambo aphunzitsi zikomo kwambiri mwatiphunzitsa zambiri, zina sindinkazidziwa olo pang'ono, koma mundikhululukire ine mwana ndikhale kumbali ya achemwali a Nachisale pa nkhani ya matheroyi. Ndikunena chifukwa cha buku lomwe ndili nalo mmanja panopa, Chipasupasu, limene a Benedicto Wokomaatani Malunga anamasulira kuchokera ku Things Fall Apart la Chinua Achebe. Ndinabwereka kwa mwana wa achemwali anga amene ali ku koleji, ndimawerenga pa benchi pa msika makasitomala akachepa masana, ndipo amayi anzanga oyandikana nawo ayamba kumati tawerenga mokweza timve nawo, moti dzulo wina anaiwala kubweza chenji nkhani ya Ikemefuna, mnyamata wina wa mbukumo, itafika pa kuphedwa kwake paja.

Lachingerezi ndinaliwerenga kale ndili mtsikana koma silinandilowe ngati pano. Mchichewa Okonkwo, mwini nkhani mbukumo, akumveka ngati amalume anga enieni, munthu wolimbikira ntchito, nkhokwe zodzadza, koma woopa kuoneka wofooka mpaka kuwononga ana ake omwe. Ndipo pamene munthu wa mpingo uja anavula chigoba mmodzi wa egwugwu, zilombo za gule wa kumeneko, pagulu, amayi onse pa benchi anangoti mayoo nthawi imodzi, palibe anafuna kumufotokozera kuti zikutanthauza chiyani, ife a ku Mitundu tikudziwa kuti kuchita zimenezo kwa chilombo cha gule ndiye kuti mudzi wonse wauvula. Nigeria ndi kutali koma nkhani ija ikanatha kuchitika kuseri kwa Bunda.

Tsono mfundo yanga ndi iyi bambo. Achebe nayenso anali mwana wa mphunzitsi wa mpingo, anakulira mu tchalitchi ngati a Ntara, ndipo mu buku lake namonso muli mwana amene akulowa chikhristu, Nwoye mwana wa Okonkwo, ndipo wolemba sakumunyoza ayi, akutionetsa bwino chimene chinamukoka, mtima wake unali ndi mabala chifukwa cha mapasa otayidwa kutchire ndi imfa ya mnzake Ikemefuna uja. Koma akutionetsanso mtengo wake, bambo kutaya mwana, mudzi kugawikana pakati, mpaka munthu wamkulu Okonkwo kudzimangirira ndipo anzake osatha ngakhale kumutsitsa mumtengo. Kwa Nthondo mtengo umenewo sindinauone, zikungokhala ngati munthu wavula malaya akuda wavala oyera. Pomwe ife tikudziwa kuti sizinali choncho. Amalume anga amene ndikunenawa anali a gule mpaka kufa, akazi awo a mvano, pa maliro awo banja linakhala magulu awiri, ena uku akuyimba nyimbo za mbuku chapansipansi ena uko ng'oma zikulira, ana osadziwa kuti akhale mbali iti, ndipo mpaka lero pali azibale amene sadyerana mbale imodzi chifukwa cha tsiku limenelo. Zimenezo ndi zomwe ndikanakonda nditaziwerenga mchichewa cholembedwa ndi Mchewa.

Ndikuvomera kuti nthawi zinali zosiyana, 1933 ndi 1958 pali zaka 25, ndiponso la Achebe linasindikizidwa ku London ndi kampani ya mabuku osati pa mishoni. Ndiye sindikuwaimba mlandu a Ntara ayi, anachita mbali yawo. Amene ndikuwafunsa ndi olemba a lero amene palibe akuwaima kumbuyo, bwanji nkhani ngati ya maliro a amalume angayi sitikuiona mmabuku? Kapena alipo ine sindikuwadziwa, mundiuze ndikagule.

Kabaza wa ku 23:

Moni nonse, ine sukulu ndinalekezera fomu 2 koma kuwerenga ndimakonda, ndimawerenga pa siteji ndikamadikira makasitomala. Pano ndili pa I Will Try la Legson Kayira la 1965, munthu uja anachoka kwawo kumpoto mu 1958 wapansi opanda nsapato atanyamula Baibulo, Pilgrim's Progress, bulangete ndi kankhwangwa, akuti akupita ku America kukaphunzira, mpaka anakafika ku Kampala komwe anapeza dzina la Skagit Valley College mu layibulale nkulemba kalata, kenaka Khartoum, nkukafikadi ku America patatha zaka ziwiri. Dzina la bukulo ndi mawu a sukulu yake ya ku Livingstonia. Ine ndimapalasa tsiku lonse ndiye ndikudziwa mmene miyendo imawawira, ndikaganiza mtunda umenewo ndimangopukusa mutu. Landipangitsa kuti ndikafunse za sukulu ya madzulo, January ndikufuna ndiyambirenso.

Koma funso langa ndi loti mabuku achichewa mukutchulawa mukumawapeza kuti? Ine langali ndi la pa foni wina ananditumizira pa WhatsApp, maso amawawa ndipo bandulo ndi batire sizichedwa. Ndazungulira masitolo angapo a mabuku mtauni muno, mashelefu adzadza mabuku a mayeso ndi a momwe ungalemerere, ukafunsa Njala Bwana la a Willie Zingani kapena Sikusinja ndi Gwenembe la a Gwengwe amene bambo anga ankawatchula, mwana wa mu sitolo amangokuyang'ana. Kwa mavenda a mabuku apansi aja ndiye ndi manovelo achizungu okhaokha a kaunjika.

Aphunzitsi opuma, Likuni:

Mwana wanga wa kabaza, pita ku National Library ku City Centre, ukalembetse umembala, ukafunse shelefu ya mabuku a Amalawi, ukhoza kukhala pansi nkuwerenga konko ngakhale usanabwereke. Ndipo za sukulu ya madzuloyo usabwerere mmbuyo. Koma za mabuku a pa WhatsApp ndi mafotokope ndikupempheni ana inu, ngati wolemba ali moyo ndipo buku lake likugulitsidwa, gulani ngakhale mosonkherana anthu asanu, chifukwa osindikiza amati Chichewa sichigulidwa ndiye amangosindikiza chimene chalowa pa silabasi. Naphiri, wandigonjetsa theka, za mtengo wa kutembenuka wanena zoona ndipo ndilibe poyankha. Theka linalo ndikusunga, ndikadali kunena kuti a Ntara analemba chimene ankachikhulupirira.

Nachisale wa ku Kawale:

Zikomo nonse, sindimayembekeza kuti muyankha motere, ndawerenga kawirikawiri mpaka ndinapitirira siteji yanga. Bambo aphunzitsi musadziimbe mlandu, aphunzitsi athu ankachita zimene akanatha ndi mabuku asanu ndi limodziwo. Achimwene a ku 25 nkhani ya chitseko cha amayi anu yandikhala pamtima tsiku lonse, ife chaka chimenecho tinali kuno ku tauni koma ndimakumbuka abale akumudzi akubwera mmodzimmodzi kudzagona pakhonde, amayi akuthira madzi ambiri mu phala kuti likwanire.

Usiku wathawu ndinabwereza mitu yomaliza ija pang'onopang'ono monga mwanenera, kufunsa kuti ankaopa ndani ndipo anazembetsa chiyani. Maganizo anga sanasinthe kwenikweni, ndikuonabe kuti anathamanga, ndipo a Naphiri anena chimene ine ndimalephera kuchitchula. Koma ndapeza chinthu china chimene poyamba sindinachione chifukwa cha kuwala kochepa kwa tochi. Mmphepete mwa masamba omalizawo muli zolemba za pensulo zofufutika, dzanja la bambo anga, anadula mizere pansi pa ziganizo zingapo ndipo pa tsamba lomaliza analemba chaka, 1979, ndi mawu awiri okha, inenso ndabwerera. Ndinawaimbira amayi mmawa uno kuwafunsa, anakhala chete kanthawi kenaka anati abambo ako usanabadwe iwe anali munthu wa mowa ndi ndewu, anapita ku Joni ku migodi nkukhala zaka osatumiza ngakhale kalata, atabwera anavutabe, chaka chimenecho ndi chimene analowa kalasi nkusiya zonse. Ine ndakula ndikudziwa bambo ofatsa a mkulu wa mpingo, izi palibe anandiuzapo. Ndinawafunsa amayi kuti ndiye zinangosintha tsiku limodzi ngati mmene zilili mbukumu? Anati ayi mwanawe, zinatenga zaka, anzawo akumowa ankabwera kudzawatukwana pakhomo usiku, achimwene awo enieni anasiya kuwalankhula mpaka imfa, koma iwo ankakonda kabuku kameneko chifukwa ankati kakunena za iwo.

Ndiye pano sindikudziwa kuti ndiime pati, mathero amene ine ndikuti ndi ofulumira ndi omwewo bambo anga anawadula mzere pansi. Mnyamata wanga uja ndamuuza kuti Loweruka tiyamba kuwerengera limodzi mutu umodzi umodzi, wangoti tiona, koma sanakane. Achimwene a kabaza, kope ili sindingabwereketse mundimvetse, koma ndili ndi Mkwatibwi Wokhumudwa la a Litete limene ndinagula kalekale, ngati mumafika cha ku Kawale 2 mundilembere ku inbox tipangane pokumana. A Naphiri mukamaliza Chipasupasu mufunse mwana wa achemwali anuyo ngati angalole kuti chidutse kuno sabata ziwiri, ndichisamala ndichikutira ndi pepala.